Utsi Umene Sindinauone

Ndinaphunzira kulemba ndili ndi imvi kale, choncho wowerenga apirire nane. Pali anthu atatu amene ndikufuna kuwathokoza ndisanatsikire kuli chete: mlamu wanga Ambokile, Fundi Hamisi wa ku Tanzania, ndi mlongo wanga Tumpale. Koma sindingawathokoze bwino popanda kunena chimene ndinachita. Ambokile ali mmene alili lero chifukwa cha dzanja langa, ndipo kwa zaka zambiri mlongo wanga, amene ndi mkazi wake, sankadziwa.

Chaka chimene ndinachoka kwathu ku Kaporo madzi anasefukira mpunga uli pafupi kucha. Tinaima pachulu nkumaonerera munda wonse uli nyanja. Ambokile anali atabwera kutchuthi kuchokera ku Dar es Salaam, kumene ankagwira ntchito pafakitale yoluka nsalu. Anandipeza ndikutola ngala zowola m'matope.

"Alamu, mukutola chiyani pamenepo? Ngakhale abakha akuzikana zimenezo," anatero akuseka. "Tiyeni tikadye za eni ake. Kumene ndili akufuna munthu wosesa."

Ndinati ine ndakula, Chiswahili ndimangodziwa cha pamsika, ndiponso sukulu sindinapiteko.

"Tsache silifunsa satifiketi," anatero.

Tinawoloka mtsinje wa Songwe kulowa m'Tanzania m'mawa, ine nditavala buluku lake chifukwa langa linali la zigamba. Ulendo wa basi unali wautali moti miyendo inatupa. Titafika anandipatsa theka la kachipinda kake, theka la mphasa, ndi theka la mbale. Ankandiphunzitsa mawu a pantchito tikuyenda: ichi ndi chakuti, bwana akati chakuti uyankhe chakuti. Tikakhala awiri tinkabwerera ku Chinkhonde chathu, ndipo mtima unkakhala pansi.

Ntchito yanga yoyamba inali pa boyila yakale, chithanki chachikulu chowiritsa madzi kuti atuluke nthunzi. Nthunziyo inkapita m'mapaipi kukathandiza kunyika nsalu mu utoto ndi kuziumitsa. Boyilayo inkayaka ndi mafuta akuda, olemera ngati phula, ndipo chumuni chake chinkalavula utsi wakuda tsiku lonse. Ine ndinkasesa mwaye. Ndikalavula, malovu anali akuda. Amayi oyandikana ndi mpanda wa fakitale ankatitukwana tikamaweruka, chifukwa zochapa zawo zinkada zili pachingwe. Pamenepo ndinaphunzira chinthu chimodzi nkuchisunga: choipa cha moto ndi utsi wakuda. Kwathu nakonso zinali choncho. Khitchini ikadzaza utsi, maso amawawa, umatsokomola, nkutuluka panja. Utsi umadziulula wokha.

Kenako kunabwera gasi. Anakumba ngalande nkuyala paipi mpaka kulowa mumpanda, ndipo anamanga nyumba yatsopano nkuikamo injini ziwiri zikuluzikulu zobiriwira. Woyang'anira injinizo anali Fundi Hamisi (fundi kumeneko ndiye mmisiri), munthu wamfupi, wa ndevu zochepa, wosakonda kukalipa. Ataona kuti boyila yakale yazimitsidwa ndipo tsache langa latha ntchito, anapempha kuti ine ndi Ambokile tikhale omuthandiza: kupukuta, kunyamula migolo ya oyilo, kumupatsira masipanala.

Iye ankanditchula mzee, ndiye kuti mdala. Tsiku lina ndinamufunsa kuti injinizi zikuchita chiyani kwenikweni.

"Mzee, kwanu mukamaphika, nsomba mumaziwamba pati?"

"Pansanja, pamwamba pa moto womwewo."

"Basi mwamva kale. Gasi akuyaka mu injinimu, injini ikuzunguza jenereta, magetsi akupita kumakina oluka. Mpweya wotentha umene ukutuluka sitiutaya. Ukudutsa mu boyila yatsopanoyo, ukuwiritsa madzi, nthunzi ikupita ku utoto. Moto umodzi, ntchito ziwiri."

Zinandisangalatsa kwambiri zimenezo, ndipo mpaka lero zimandisangalatsa. Magetsi a m'tauni akazima, ife makina athu ankangolirabe. Chumuni chatsopano sichinkatulutsa kanthu kooneka. Ukayang'ana pamwamba pake masana unkangoona mpweya ukunjenjemera, monga umachitira pamsewu wa tala m'chilimwe. Amayi aja anasiya kutitukwana. Mmodzi mpaka anatipatsa mandasi.

Kamodzikamodzi kunkabwera anthu ndi chikwama chokhala ndi kapaipi, nkukwera pachumuni kukayeza zotuluka. Ine ndinkaseka. Ndinkati kwa Ambokile, taonani anthu ophunzira, akulipidwa poyeza mphepo. Fundi Hamisi anandimva tsiku lina.

"Si mphepo, mzee. Muli zinthu mmenemo. Nzochepa kusiyana ndi za boyila yakale, koma zilimo, ndipo china mwa izo chimapha."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati ndi nkhani za m'mabuku. Chimene ndinagwira ndi chimene anatiuza tsiku loyamba, chakuti gasi akathawa m'paipi amanunkha ngati dzira lowola. Ine ndinasakaniza ziwirizi. Sindinasiyanitse gasi wolowa mu injini ndi mpweya wotulukamo. Ndinati ngati palibe utsi ndipo palibe fungo, ndiye kuti palibe kanthu.

Kuseri kwa nyumba ya injini kunali kachipinda kopanda zenera, mmene munkadutsa chipaipi chachikulu chotenga mpweya wotentha uja kupita nawo ku boyila. Munali mofunda ngati m'khwapa. Pachitseko panali chikwangwani cha zilembo zofiira, ndipo tinkadziwa kuti saloleza kukhalamo. Koma nyengo ya mvula ya kumeneko zovala siziuma, ndipo ife tinali ndi malaya awiriawiri. Ambokile anamanga kachingwe mkatimo. M'mawa tinkayanika, masana tinkadyeramo, ndipo iye ankatsamira khoma nkuba katulo mpaka belu.

"Alamu, iyi ndiye hotela yathu," ankatero. "Ngakhale bwana wamkulu alibe chipinda chofunda chonchi."

Pakhoma la kachipindako, pamwamba pang'ono, panali kabokosi koyera kokhala ndi timabowo. Tinali tisanakamvepo kakulira. M'mawa wina, mvula ikugwa, ndinalowa ndekha kukayanika, ndipo kabokosiko kanalira mokuwa, nkusiya, nkuliranso. Ndinayang'ana paliponse, utsi panalibe. Ndinanunkhiza m'mbali mwa chipaipi chonse ngati galu, fungo panalibe. Ndinati kazungulira mutu ndi chinyezi. Ndipo ndinaopa kuti kakapitiriza kabweretsa akapitawo, apeza zovala zathu, hotela yathu itha, mwinanso ntchito. M'thumba ndinali ndi jumbo ya mandasi ndi mphira ya chubu cha njinga. Ndinakwera pandowa, ndinaveka kabokosiko jumbo, nkumanga pakhosi pake zolimba, mmene timamangira kukamwa kwa thumba la mpunga kwathu: kuzunguliza kawiri, nkupisa nsonga pansi. Patapita kanthawi kanakhala chete. Ndinatuluka ndikudziona wanzeru. Ambokile sindinamuuze. Sindinabise dala, ndinangoona kuti si nkhani.

Masana galimoto ya oyilo inafika mochedwa, ndipo ananditumiza kukatsitsa migolo. Ambokile anapita yekha kukadya. Chifukwa cha mvula anatseka chitseko.

Nditafika ndinamupeza atagona chammbali, mbale ili pamwendo, chakudya atangodya pang'ono. Ndinati, "Alamu, mwandisiyira?" Sanayankhe. Ndinamugwedeza, mutu unangogwa. Inenso mutu unayamba kugunda. Ndinamukokera panja pamvula ndi kukuwa. Anthu anathamanga, Fundi Hamisi anazimitsa injini, ena anamunyamula kupita naye kugalimoto.

Apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. Kumanga jumbo kunali umbuli. Koma anthu onse atathamangira kugalimoto, ine ndinabwerera m'kachipinda muja, ndinalumpha nkukoka jumbo ija, nkuibisa m'thumba. Kabokosi kanayamba kulira nthawi yomweyo. Anthu atakamva anati, taonani, kakulira tsopano munthu atapita kale, nkakufa aka.

Anapeza kuti pamfundo ina ya chipaipi panali patang'ambika pang'ono. Ambokile anatsitsimuka kuchipatala, koma sanabwerere yense. Manja ankanjenjemera, mawu ankatuluka mochedwa, ndipo chimene wamuuza m'mawa pofika masana chinali chitapita. Fakitale inalipira chipatala, koma inati analowa yekha m'malo oletsedwa, ndipo kabokosi kanalephera mwangozi. Anamupatsa kandalama kochepa nkumubweza kumudzi. Ndikanalankhula, mwina mlandu ukanagwera ine, wantchito wawo, ndipo iye akanathandizidwa mokwanira. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa nchakuti sindinalankhule. Anthu ankandigwira dzanja nkumati ndine ngwazi, ndinapulumutsa shemeji, ndiye kuti mlamu wanga.

Ndinamuperekeza mpaka ku Kaporo. Tumpale ataona mwamuna wake akutsika basi ngati nkhalamba, sanalire pomwepo. Anamugwira mkono nkumulowetsa m'nyumba, kenako anatuluka nkugwada patsogolo panga.

"Ndaga, zikomo achimwene. Pakanapanda inu bwenzi tikulandira bokosi."

Ndinabwerera kuntchito ndi mawu amenewo ali pakhosi ngati munga wa nsomba.

Nditafika ndinapeza Fundi Hamisi wapempha mabwana kuti aliyense wogwira pafupi ndi injini aphunzire kuwerenga. Anatipezera mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo tikaweruka tinkakhala pamabenchi a m'kantini, amuna akuluakulu, kumayimba a, e, i ngati ana. Ena anathawa ndi manyazi. Ine sindinajombe. Tsiku limene zilembo zinayamba kugwirana m'maso mwanga ndinapita pachitseko cha kachipinda kaja. Chikwangwani chija chinali pomwepo. Ndinawerenga pang'onopang'ono ndi chala. Chinkati ngozi, mpweya wakupha wopanda fungo, kabokosi kakalira tulukani msanga. Ndinali nditadutsa pansi pa mawu amenewo tsiku lililonse, nditanyamula mbale.

Fundi Hamisi sanalekere pomwepo. Anandiphunzitsa mawotchi a pa injini: uwu ukunena magetsi amene tikutulutsa, uwu kutentha kwa mpweya polowa mu boyila, uwu potuluka. Anandionetsa kuti moto ukapanda kulandira mpweya wokwanira, chakupha chija chimachuluka, ngakhale chumuni chikuoneka choyera. Anthu oyeza akabwera ndinasiya kuseka, ndinayamba kuwagwirira makwerero. M'kupita kwa nthawi ndinakhala woyendetsa injini, ine wosesa mwaye. Ntchito ndinkaikonda. Ndinkakonda kuika dzanja pachitsulo nkumva kuti injini ili bwino ndisanayang'ane wotchi.

Zimene ndinkapeza ndinkagawa pawiri, kwanga ndi kwa Tumpale. Ana ake anapita kusukulu, nyumba yawo inafoleredwa malata. Ndikabwera kutchuthi ankaimirira m'tchalitchi nkuthokoza Mulungu chifukwa cha mchimwene wake. Anthu ankatembenuka kundiyang'ana mwaulemu, ine ndikuyang'ana pansi. Iwo ankati nkudzichepetsa.

Nthawi yanga yopuma ntchito itakwana, Fundi Hamisi anandiitana m'kaofesi kake masana a tsiku lomaliza. Anatsegula kabati nkutulutsa kanthu m'envelopu. Inali mphira ija, mfundo yake ikadali yomanga.

"Ndinaipeza pakhosi pa kabokosi tsiku lomwe lija," anatero. "Kabokosi ndinakayesa, kanali kabwinobwino. Mamangidwe awa ndinkawaona pamatumba a mpunga amene inu awiri munkabwera nawo kuchokera kwanu. Mmodzi anali kuchipatala."

Ndinakhala pansi osauzidwa. Ndinati, bwanji simunandiulule?

"Ndinaganiza usiku ndi usana. Ndikanakuulula, nyumba ziwiri zikanagona ndi njala m'malo mwa imodzi. Mwina ndinalakwa, Mulungu ndiye adziwa. Komanso ine ndinapachika chikwangwani pamaso pa anthu osawerenga nkumati ndachenjeza. Mbali yanga ndi imeneyo." Anandipatsira envelopuyo. "Tengani, mzee. Ine sindine wofunika kumva. Wofunika kumva ali kwanu."

Ndinafika kumudzi ndi envelopu ija, ndipo inakhala m'sutikesi nyengo ziwiri za mpunga. Ndinapeza zambiri zasintha. Ana anga anali ndi nyumba zawo, mkazi wanga anali atazolowera kulamula yekha pakhomo, ndipo ine ndinali ngati mlendo wochedwa kutsanzika. Chimene ndinapeza chochita ndi kumeta Ambokile. Manja ake sakanatha kugwira lumo, ndipo Loweruka lililonse ndinkapita ndi sopo ndi kabeseni, nkumukhazika pansi pa mtengo wa mango. Ankandidziwa bwino. Za dzulo ankaiwala, koma za ku Dar zina zinatsalira.

"Alamu, injini yachiwiri ija ikuvutabe?"

"Inakonzedwa, alamu."

"Eya. Fundi uja ndi munthu."

Tsiku limene ndinalankhula, Tumpale anali akuyanika mpunga palona pabwalo, akuufalitsa ndi mapazi. Ndinali nditamaliza kumeta. Ndinati, mlongo wanga, takhala pansi, ndili ndi mawu. Anati nenani ndikumva, nkhuku zingandidyere mpunga. Ndinatulutsa mphira ija nkuiika pamphasa, ndipo ndinanena zonse, kuyambira jumbo ya mandasi mpaka kulumpha kuja. Sindinasiye kanthu.

Mapazi ake anaima. Nkhuku zinalowa palona, sanazipirikitse.

"Munabwereranso mkati," anatero. "Iye ali m'galimoto, inu munabwerera kukachotsa jumbo."

"Inde."

"Ndipo ine ndinakugwadirani."

"Inde."

"Ndinkaimirira m'tchalitchi. Pamaso pa anthu onse. Inu muli pompo, mwavala jekete." Mawu ake sanakwere. "Malata awa ndinkati ndi chikondi cha mchimwene wanga. Kani munkagula tulo?"

Ndinati poyamba mwina zinali choncho, koma si zokhazo. Anati musandiuze za mumtima mwanu, ndatopa nazo ndisanazimve.

Ambokile anali akutiyang'ana, akusisita chibwano chake chosalala. Ndinagwada patsogolo pake nkunenanso mwachidule, m'Chinkhonde, kuti alamu, ndine ndinatseka kabokosi kaja, ndine ndinakupwetekani. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akufufuza m'mutu mwake.

"M'hotela yathu muja?" anatero. "Munali mofunda bwino muja. Zovala zinauma, alamu?"

Tumpale anaphimba nkhope ndi chitenje. Kenako anati, "Nyamukani. Tengani beseni lanu. Pakhomo pano musapondepo."

Ndinamvera. Mpunga unauma, unagulitsidwa, mvula yoyamba inagwa, ine osaponda. M'tchalitchi ankakhala mbali ina, ndipo tikakumana panjira ankayang'ana kumunda. Anthu anafunsa, iye sanauze aliyense. Ine ndinauza mkazi wanga ndi ana anga ndekha, kuti asamuyese woipa mtima. Masiku amenewo anali owawa, koma ndinene zoona, ndinkagona. Munga uja unali utachoka pakhosi, patatsala bala lokha.

M'mawa wina wa Loweruka ndikukonza mbande za mpunga kuseri kwa nyumba, ndinamva mkazi wanga akulonjera munthu. Nditazungulira ndinapeza Tumpale ataima pabwalo, wakana mpando.

"Alamu anu ndevu zafika apa," anatero akuloza pachifuwa. "Ndayesa ine, akukankha dzanja. Wayesa mwana wake, akukana. Akuti alamu ndiwo amadziwa pamene pali chipsera."

Ndinapukuta matope m'manja.

"Sindinanene kuti zatha," anatero. "Musamve zimene sindinanene. Mwina sizidzatha. Koma munthu uja sangakhale ngati tchire chifukwa cha ine ndi inu."

"Ndaga," ndinatero.

"Musandithokoze. Sopo ndili naye. Mubwere ndi lumo latsopano, lija linali lobuntha."

Anatembenuka nkumapita, ine ndikutsatira patali pang'ono, beseni lili m'khwapa. Ambokile anali kale pansi pa mango, ndevu zili yakayaka, zoyera. Atandiona anamwetulira ngati tinasiyana dzulo.

"Mwachedwa, alamu. Galimoto ya oyilo?"

"Eya, alamu. Galimoto ya oyilo."

Tumpale anabweretsa madzi ofunda nkuwaika pansi osandiyang'ana. Ndinapaka sopo, ndinapendeketsa mutu wake, ndipo iye anatseka maso nkupereka khosi lake m'manja mwanga.